Kodi Aroma akale anali ndi ofesi ya akazitape?

Funso lafika motere: "Ndayamba kulemba nthano yaitali yochitikira ku Roma wakale, nthawi ya Julius Caesar. Mpangankhani wanga wamkulu ndi kazitape wa boma, ali ndi bwana wake ku ofesi yachinsinsi amene amamutuma kukafufuza anthu ofuna kugwetsa boma. Kodi ofesi yotereyi inalipodi? Nanga mauthenga ankabisa bwanji? Sindikufuna kulemba zoti munthu wodziwa mbiri adzangotseka buku pa tsamba lachiwiri."

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanapite patali, chifukwa apapa pali poti mukonze msanga. Nthawi ya Julius Caesar ofesi imeneyo kunalibe. Ndipotu olo polisi imene kunalibe. Munthu akakubera kapena kukuphera m'bale umafufuza wekha ndi abale ako, anzako, ndi akapolo ako ngati unali nawo, kenako nkukamusumira wekha ku bwalo. Nde kazitape wolandira salale ya boma, wokhala ndi bwana womupatsa mafayilo, muzaka zimenezo sangakhalemo. Koma musang'ambe zomwe mwalembazo ayi. Ukazitape unalipo wambiri zedi, kungoti unkachitikira mnyumba za anthu, pakhomo, kuchipinda, pa nthawi ya chakudya, mmanja mwa kapolo wonyamula kalata. Pamenepa mpamene ndikufuna tikhalitsepo.

Tiyambe ndi nkhani yeniyeni ya nthawi yomwe mwasankhayo. Mu 63 BC mkulu wina, Catilina, atagonja pachisankho anamanga upo wolanda boma. Cicero ndi amene anali consul chaka chimenecho, mmodzi mwa atsogoleri awiri osankhidwa kulamulira chaka chimodzi. Za chiwembucho anazimva kudzera mwa mayi wina dzina lake Fulvia, yemwe anali pachibwenzi ndi Quintus Curius, mmodzi wa achiwembuwo. Curius ndalama zinali zitamuthera, mphatso zinasiya kubwera, chikondi chinayamba kuzilala, kenako mwadzidzidzi munthu yemweyo anayamba kulonjeza zinthu zikuluzikulu, pena kuopseza kumene, moti mayi uja anaona kuti apa pali nkhani ndipo anamukumba mpaka anaulula. Mu Novembala anthu awiri anapangana zokamupha Cicero kunyumba kwake. Aroma anali ndi mwambo woti mmawa uliwonse anthu ankapita kukalonjera munthu wamkulu kwake, nde aja anati tikalowa ngati odzapereka moni. Fulvia anamutsina khutu Cicero usiku womwewo, ndipo awiri aja atafika mmamawa anapeza chitseko chotseka.

Komabe Seneti, bwalo la akuluakulu oyendetsa boma, siikanamanga anthu a mabanja otchuka chifukwa cha zonena za chibwenzi cha munthu, pankafunika umboni wogwirika. Unabwera ndi nthumwi za mtundu wa Allobroges ochokera ku Gaul, omwe anali mu Roma kudzadandaula za ngongole zomwe zinawafika pakhosi. Achiwembu anawanyengerera kuti alowe nawo, iwo atasinkhasinkha anakauza Quintus Fabius Sanga, Mroma amene ankawayimira pa nkhani zawo, iye nkukauza Cicero. Cicero anati pitirizani kuoneka ngati mwalola, koma muwauze kuti anthu kwanu sangakhulupirire popanda makalata odindidwa. Ndipo anthu aja analembadi. Usiku wa pa 2 Disembala, nthumwizo zikutuluka mumzinda, anthu obisala anazigwira pa mlatho wa Milvius makalata ali pompo.

Tayionani kalatayo pafupi, chifukwa muzaifuna. Timatabwa topakidwa phula, munthu amalembapo ndi kachitsulo kosongoka, nkupinda ngati buku, kumanga ndi ulusi, pamfundo kudindapo ndi mphete yake. Mphete imeneyo ndiye siginecha, aliyense wodziwika anali ndi chithunzi chakechake. Anzake anamuuza Cicero kuti tsegula kaye uone, ungasonkhanitse Seneti pachabe, iye anakana. Pa 3 Disembala mu kachisi wa Concordia, woganiziridwa aliyense ankamuonetsa chidindo kaye, chako ichi? Akavomera, mpamene ankadula ulusi nkuwerenga anthu onse akumva. Chidindo cha Lentulus, mmodzi wa atsogoleri a chiwembucho, chinali ndi nkhope ya agogo ake aamuna, munthu amene mzinda wonse unkamulemekeza, ndipo Cicero anamuuza pamaso kuti nkhope yokhayo, olo siyankhula, inayenera kumuletsa. Pa 5 Disembala anthu asanu anaphedwa pokolowekedwa chingwe pakhosi mu ndende ya Tullianum. Onani amene anagwetsa chiwembu chonsechi: mayi wokhumudwa, alendo angongole, ndi ulusi wa pakalata.

Tsono ngati mtima wanu uli pa kazitape wa boma basi, musunthe nthawi. Asilikali a Roma anali nawo kale anthu ozonda adani ku nkhondo, otchedwa exploratores ndi speculatores. Liwu lachiwirilo lili mu Baibulo lanu lomwelo: pa Marko 6:27, msilikali amene Herode anamutuma kukadula mutu wa Yohane, mu Chigiriki choyambirira akutchulidwa ndi liwu la Chilatini limeneli, chifukwa anthu amenewa ankagwiranso ntchito yolondera mfumu, kuthamangitsa mauthenga ndi kupha olamulidwa kuphedwa. Augustus, amene analamulira Roma pambuyo pa Caesar, ndi amene anakhazikitsa asilikali olondera Kaisara, anakhazikitsa mtokoma wa boma wokhala ndi malo osinthira mahatchi mmisewu, ndipo mu AD 6 anayambitsa ma vigiles, magulu asanu ndi awiri ozimitsa moto ndi kulondera usiku. Koma oyandikira kwambiri zomwe mukufunazo ndi ma frumentarii. Dzinalo likuchokera ku liwu lotanthauza tirigu, poti poyamba anali asilikali oona za chakudya cha gulu lankhondo, nde munthu woyendayenda kugula tirigu amamva zambiri ndipo palibe amamudabwa. Pofika nthawi ya Hadrian, amene analamulira kuyambira 117 mpaka 138, anali maso ndi makutu a Kaisara, likulu lawo linali Castra Peregrina pa phiri la Caelius mu Roma momwemo. Olemba akale amasimba kuti mayi wina analembera mwamuna wake kalata yodandaula kuti wakomedwa ndi zosangalatsa ndi nyumba zosambiramo sakufuna kubwera kunyumba, ndiye bamboyo atakapempha tchuthi Hadrian anamudzudzula za zosambazo, bambo uja nkudabwa, kodi mkazi wanga wakulemberaninso inu? Ma frumentarii amenewa anthu anawada kwambiri chifukwa chosemera anthu milandu, mpaka Diocletian, amene anayamba kulamulira mu 284, anawathetsa, ngakhale mmalo mwake munabwera ena otchedwa agentes in rebus ogwira ntchito yofanana. Kuchoka pa imfa ya Caesar kufika pa Hadrian ndi zaka zoposa 150, choncho simungawabweze mmbuyo mwakachetechete.

Pakati pamenepo pali nthawi imene ine ndimaiona kuti ndi yonona kwambiri kwa wolemba, nthawi ya mafumu Tiberius mpaka Nero ndi Domitian. Apa oopsa sanali a yunifolomu, anali akapirikoni, Aroma ankati delatores, anthu wamba ndi maseneta omwe amene ankaneneza anzawo kuti anyoza Kaisara, ndipo woimbidwa mlandu akapezeka wolakwa wonenezayo ankalandira gawo la chuma chake, nthawi zambiri limodzi mwa magawo anayi. Tacitus, wolemba mbiri wa Chiroma, analemba za Titius Sabinus, munthu amene sanasiye kuyendera mkazi wamasiye wa Germanicus, wachibale wa Kaisara Tiberius, ndi ana ake pamene ena onse anali atathawa chifukwa choopa Sejanus, mkulu wa asilikali olondera Kaisara. Maseneta anayi ofuna kukwezedwa anamutchera msampha. Mmodzi, Latiaris, anadzipanga bwenzi, kumuyamikira kuti ndinu munthu wokhulupirika, kumumvera chisoni, mpaka Sabinus analira nkuyamba kukhuthula za kukhosi. Tsiku lina anamuitanira kunyumba, atatu enawo, maseneta athunthu, atakwawira pakati pa denga ndi siling'i, makutu ali pa timing'alu. Pa 1 Januwale AD 28 Sabinus anakokedwa kukaphedwa, chovala chitamuphimba kumutu chingwe chili pakhosi, ndipo kulikonse kumene ankayang'ana anthu ankabalalika, ena nkubwereranso poopa kuti kuthawa kwawoko kuoneka ngati mlandu. Tacitus akuti anthu anayamba kuyang'ana madenga ndi makoma mokayikira. Galu wa Sabinus ndi amene sanachoke pa mtembo, mpaka anautsatira mu mtsinje wa Tiber atauponyamo.

Epictetus, amene anakhalapo kapolo mu Roma, anafotokoza njira ina: msilikali wovala ngati munthu wamba amakhala pafupi nawe nkuyamba kunyoza Kaisara, iwe poona kuti wayamba ndi iye umamasuka nkuonjezerapo zako, basi wamangidwa. Mantha oterewa sakufunika kuwafufuza kutali. Khalani pansi ndi akuluakulu amene anaona nthawi ya chipani chimodzi kuno, muwafunse mmene munthu ankatsitsira mawu mu basi kapena pamowa pakafika mlendo, mmene ankasinthira nkhani pakati pa chiganizo. Zimene akuuzeni za thupi, za maso, za kukhala chete, zikuthandizani kulemba Roma wa Tiberius kuposa mapu aliwonse.

Koma chimene ndikufuna mutenge kwambiri ndi kapolo. Nyumba ya munthu wamkulu inali yodzaza akapolo, wotsegula pakhomo, wophika, wometa, wolemba makalata, wonyamula nyali usiku, ndipo mabwana ankayankhula pamaso pawo ngati palibe munthu. Chinsinsi chilichonse chinkadutsa mmakutu mwa anthu amenewa. Ndiye ganizirani malamulo awiri awa. Umboni wa kapolo ku bwalo unkalandiridwa pokhapokha atazunzidwa kaye. Ndipo bwana akaphedwa mnyumba mwake, akapolo onse a pansi pa denga limenelo ankaphedwa, monga zinachitikira mu AD 61 pamene Pedanius Secundus anaphedwa ndi kapolo mmodzi ndipo akapolo 400 anaphedwa, anthu a mumzinda akuchita chiwawa kukana. Nde kapolo amene wamva chinthu choopsa wagwira njakata, akakhala chete akhoza kufera za eni, akayankhula akhoza kuthyoledwa mafupa kenako osakhulupiriridwa.

Chitsanzo chake ndi chiwembu cha seneta Piso chofuna kupha Nero mu AD 65. Seneta Flavius Scaevinus anabwera kunyumba tsiku limodzi chiwembu chisanachitike, anadinda kalata yogawa chuma chake akadzamwalira, anasolola mpeni wakale nkudandaula kuti wabuntha, anaupereka kwa Milichus, kapolo wake womasulidwa, kuti akaunole pamwala. Anakonzetsa chakudya choposa masiku onse, akapolo amene ankawakonda anawamasula, ena anawapatsa ndalama, iye akuoneka wolemedwa mumtima ngakhale ankayesa kucheza, pomaliza nkulamula kuti akonze nsalu zomangira mabala. Palibe anamuuza Milichus kanthu, anangophatikiza yekha zimene maso ake anaona. Usiku anakambirana ndi mkazi wake, ndipo mkaziyo ndi amene anati akapolo ambiri aona zomwezi, kukhala chete kwa iwe wekha sikupulumutsa munthu, mphoto itenga amene ayambe kufika. Mbandakucha anapita ku minda ya Servilius komwe kunali Nero, alonda anamubweza, anakakamira mpaka anamutengera kwa Epaphroditus, kapolo womasulidwa wa Nero, kenako kwa Nero, mpeni uli mmanja.

Pamene pamandigwira mtima mpakuti Scaevinus anatsala pang'ono kupulumuka. Anayankha mosatekeseka kuti mpeniwo ndi wa makolo, wantchitoyu waba, kalata ya chuma ndimailemba kawirikawiri, kudya bwino ndi khalidwe langa, za nsaluzo wapeka. Mawu a seneta kulimbana ndi a munthu amene anali kapolo, mlandu unayamba kugwa. Mkazi wa Milichus ndi amene anakumbutsa kuti dzulo lake bwanayo anakhala nthawi yaitali akukambirana mseri ndi Antonius Natalis. Awiriwo anawafunsa payekhapayekha kuti munkakambirana chiyani, mayankho anasiyana, ataona zida zozunzira anayamba kutchula maina, ndipo anthu ambiri anafa kuphatikizapo alembi otchuka Seneca ndi Lucan. Mu nkhani yomweyi muli Epicharis, mayi amene nayenso anali kapolo womasulidwa ndipo ankadziwa za chiwembucho. Anamukwapula, anamuotcha tsiku lonse, sanatchule dzina olo limodzi, tsiku lachiwiri akumunyamula pampando poti miyendo inali itaguluka, anavula nsalu ya pachifuwa nkudzipachika pa mpandowo. Maseneta osakhudzidwa nkomwe ankapereka abale awo enieni. Milichus analemera nkudzipatsa dzina la Chigiriki lotanthauza mpulumutsi. Mkazi wake dzina lake silinalembedwe, ndipo malo ngati amenewo ndi anu wolemba, mutha kumupatsa dzina, ubwana, mantha ake, popanda kusuntha tsiku kapena imfa ya munthu amene mbiri inalemba.

Za kubisa uthenga ndidutsa mwachangu poti ndi zosavuta. Wolemba mbiri Suetonius akuti Caesar polemba zachinsinsi ankasuntha zilembo, D mmalo mwa A, choncho mpaka kumapeto, pamene Augustus ankangosuntha ndi chilembo chimodzi, B mmalo mwa A. Mu 54 BC Quintus Cicero, mng'ono wake wa Cicero uja, atazingidwa ndi a mtundu wa Nervii ku Gaul, Caesar anamulembera mu Chigiriki kuti adani akaigwira asawerenge, wokwera hatchi anaimangirira ku mkondo nkuponya mu msasa, mkondo unabaya nsanja nkukhala pompo masiku awiri osaonedwa, unaoneka lachitatu. Wolemba wina, Pliny, anatchula utomoni woyera wa chomera china umene ukalemba suoneka mpaka uwazepo phulusa. Cicero polembera mnzake Atticus ankasakaniza Chigiriki ndi maina opeka, mkulu wankhondo Pompeius ankamutcha Sampsiceramus, ndipo anadandaula kuti ndi ochepa onyamula kalata amene sangaiwerenge panjira. Vuto lenileni linali limenelo, munthu wonyamulayo. Mu 207 BC Hasdrubal, mkulu wankhondo wa ku Carthage, mdani wa Aroma, anatuma okwera hatchi asanu ndi mmodzi kukapereka kalata kwa m'bale wake Hannibal, anasochera nkugwidwa pafupi ndi Tarentum, Aroma anawerenga mapulani onse nkukamugonjetsa Hasdrubal pa mtsinje wa Metaurus. Chaka chimodzi mmbuyomo, mu 208 BC, Hannibal atapeza mphete ya consul Marcellus amene anafa pankhondo, analemba kalata yabodza ku mzinda wa Salapia mu dzina la malemuyo kuti atsegule zipata, koma consul mnzake anali atachenjeza kale mizinda kuti chidindo chimenecho musachikhulupirire. Ndipo ku Africa, Laelius, mkulu wa asilikali a Roma, popita kukakambirana ndi mfumu Syphax anatenga akenturiyo ovala ngati akapolo kuti azonde msasa, mmodzi atatsala pang'ono kuzindikiridwa Laelius anamukwapula ndi ndodo pamaso pa anthu, poti aliyense ankadziwa kuti msilikali waudindo wa Roma sangalole zimenezo.

Musaiwale mtunda. Uthenga unkayenda liwiro la hatchi kapena ngalawa, nyengo yozizira ngalawa zambiri zinkaima, ndipo pamene Icelus, kapolo womasulidwa, anafikitsa uthenga wa imfa ya Nero kuchokera ku Roma kwa bwana wake Galba ku Spain mmasiku asanu ndi awiri mu AD 68, anthu zinawavuta kukhulupirira. Kazitape wanu akadziwa chinthu, theka la nthano ndi kufika nacho nthawi isanathe, komanso kudutsa munthu wapakhomo. Werenganinso Machitidwe 23 ndi maso a wolemba: amuna oposa 40 alumbira kupha Paulo, mwana wa mlongo wake wamva, walowa mu linga la asilikali, mkulu wa asilikali Claudius Lysias wamugwira padzanja kupita naye pambali, wamuuza usauze munthu, kenako usiku womwewo Paulo akuperekezedwa ulendo wa ku Caesarea ndi asilikali 470 ndi kalata yopita kwa bwanamkubwa Felix. Ukazitape wa dziko la Aroma umaoneka choncho.

Tizinthu tating'ono tomwe timagwetsa olemba: chimanga, tomato, mbatata, fodya, tiyi, zonsezi ku Roma kunalibe, ankadya buledi, phala la tirigu, mafuta a azitona ndi msuzi wa nsomba wotchedwa garum. Misewu usiku inali mdima wokhawokha, ndipo ngolo zambiri zinkaloledwa kulowa mumzinda usiku, nde usiku wa ku Roma unali waphokoso.

Mukafuna kukhalabe pa Caesar, ine ndingakusangalalireni, ndipo mpangankhani wanu alipo kale akukudikirani. Pa 15 Malichi 44 BC achiwembu anali oposa 60, anthu ochuluka chonchi aliyense ali ndi nyumba yodzaza akapolo, ndipo Caesar anali atachotsa alonda ake a ku Spain. Panjira Artemidorus, mphunzitsi wa Chigiriki amene ankadziwana ndi anthu a Brutus, mmodzi wa atsogoleri a chiwembucho, anamupatsa kapepala koulula zonse nkumuuza kuti awerenge yekha msanga, Caesar anayesa kangapo koma khamu linamupanikiza, analowa nako mmanja mu nyumba ya msonkhano ya Pompeius momwe anabayidwa ka 23. Koma wolemba mbiri Plutarch akutchulanso munthu wina mu chiganizo chimodzi chokha. Caesar atangotuluka pakhomo, kunabwera kapolo wa munthu wina akuyesetsa kumufikira, atalephera chifukwa cha chigulu cha anthu anadzikankhira mnyumba nkudzipereka kwa Calpurnia, mkazi wa Caesar, kumupempha kuti amusunge mpaka bwana abwere chifukwa ali ndi nkhani yaikulu yoti amuuze. Plutarch sanatchule dzina lake, bwana wake, kapena chimene chinamuchitikira madzulo a tsiku limenelo pamene akapolo atatu anabweretsa mtembo pa machira dzanja likulendewera. Chotsani ofesi ija, achimwene, mutu woyamba muyambire usiku wa pa 14 Malichi, kapolo ameneyu ataima kuseri kwa bwana wake ndi mtsuko wa vinyo, alendo akuyankhula ngati mchipindamo mulibe munthu.